Chifundo cha John Bidwell chinalibe chikalata

Mbandakucha wa pa 11 Disembala 2024, moto unanyeketsa nyumba yaikulu ya zipinda 26 mumzinda wa Chico, kumpoto kwa California m'dziko la America. Ofufuza anapeza kuti motowo unachita kuyatsidwa ndi munthu. Anthu a mumzindawo anamva chisoni ngati pagwa maliro a wachibale, ndipo palibe angawadzudzule. Nyumbayo inaima pamenepo kuyambira mu 1868, ndipo amene anaimanga, John Bidwell, ndi yemwenso anayambitsa mzinda wa Chico. Paki yaikulu ya mumzindawo imadziwika ndi dzina la Bidwell. Yunivesite ya kumeneko inayambira pa munda wake wa zipatso. Kwa anthu ambiri, pakati pa azungu onse amene anakhamukira ku California m'masiku a golide, Bidwell ndiye anali munthu wamtima: wopemphera, wodana ndi mowa, ndiponso woteteza eni nthaka pa nthawi imene anzake ankawasaka ndi mfuti.

Zambiri mwa zimenezi n'zoona, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Koma ndikakhala pansi n'kulondola moyo wa munthu ameneyu kuyambira ali mnyamata mpaka imfa yake, chimene chimandipweteka ndi chimodzi. Bidwell ankadziwa bwino kuposa aliyense kuti munthu wopanda pepala la malo alibe malo, ngakhale atakhalapo zaka zingati. Iye mwini analandidwapo munda chifukwa chosowa pepala. Anatha zaka zambiri akulimbana m'makhoti kuti apeze chikalata cha esiteti yake. Anakhala nawo m'Nyumba ya Malamulo pamene malamulo oyamba a California ankalembedwa. Komabe anthu a mtundu wa Mechoopda, amene anawapeza pamalopo ndipo anamugwirira ntchito zaka 50, anawasiya opanda chikalata. Anawapatsa chitetezo, chakudya, sukulu ndi tchalitchi. Chinthu chimene chikanawachititsa kuti asadalirenso chifundo chake, chimenecho sanawapatse.

Bidwell anabadwa pa 5 Ogasiti 1819 m'boma la Chautauqua ku New York, ndipo banja lake linasamukira ku Pennsylvania kenako ku Ohio. Anayamba uphunzitsi akadali wachinyamata. Mu 1839 analowera kumadzulo n'kukafika ku Missouri, kumene anapeza sukulu yophunzitsa pafupi ndi tauni ya Weston n'kudzipatulira munda. M'chilimwe cha 1840 anapita ku St. Louis kukagula katundu, ndipo pobwerera anapeza munthu wina atakhazikika pamundapo. Lamulo la nthawi imeneyo linkateteza munthu amene wakwanitsa zaka 21 kapena amene ali ndi banja. Bidwell anali mbeta, zakazo anali asanazikwanitse pamene ankatenga malowo, ndipo wolandayo anali munthu wachiwawa. Mundawo unapita choncho.

Nkhani imeneyi amakonda kuifotokoza ngati tsoka limene linasanduka mwayi, chifukwa ndi imene inamukankhira ku California. Mu Meyi 1841 ananyamuka ndi gulu la anthu pafupifupi 70, gulu loyamba la osamuka amene anayesa kupita ku California pa ngolo kudutsa pamtunda. Mtsogoleri wosankhidwa anali John Bartleson. Njira sankaidziwa. Chigawo choyamba cha ulendowo anathandizidwa ndi Thomas Fitzpatrick, katswiri wa m'mapiri amene ankaperekeza wansembe wachikatolika Pierre-Jean De Smet. Atafika ku Soda Springs gululo linagawikana, ena n'kulowera ku Oregon. Otsalawo, oposa 30, anasiya ngolo zawo m'chipululu, anadya ng'ombe zawo zokoka ngolo kenako nyulu, anakwera mapiri a Sierra Nevada, ndipo pa 4 Novembala 1841 anafika pa famu ya John Marsh ali mafupa okhaokha. Kulimba mtima kwa ulendowu palibe amene angakukane. Ine chimene ndikuona m'nkhaniyi n'chakuti mnyamata amene anafika ku California tsiku limenelo anali ataphunzira kale, ndi misozi, kusiyana kwa kukhala pamalo ndi kukhala mwini malo.

Phunzirolo analigwiritsa ntchito mwaluso. California nthawi imeneyo inali m'manja mwa Mexico. Bidwell analowa ntchito kwa John Sutter, mzungu wa ku Switzerland amene anali ndi linga pamene lero pali mzinda wa Sacramento. Sutter anamutuma kukayang'anira katundu amene anagula kwa anthu a ku Russia ku Fort Ross, ndipo pambuyo pake Bidwell anakhala mlembi ndi kapitawo wake wodalirika. Pamalo a Sutter ndi pamene anaona mmene esiteti ya ku California inkayendera: malo aakulu opatsidwa ndi boma, ndi mazanamazana a eni nthaka olima ndi kukolola tirigu, ambiri a iwo mokakamizidwa. Mu 1844 Bidwell anakhala nzika ya Mexico, popeza nzika ndi imene inkatha kupatsidwa malo, ndipo anapatsidwadi. Patangopita zaka ziwiri ananyamula mfuti kumenyana ndi Mexico yomweyo m'gulu la asilikali a America lotsogoleredwa ndi John Frémont. Mu 1847 ndi iye amene analemba mgwirizano wa pakati pa Sutter ndi James Marshall womanga makina ochekera matabwa ku Coloma, pamalo pamene Marshall anatola golide mu Januwale 1848.

Bidwell atayendera ku Coloma anazindikira kuti nthaka ya kumeneko ikufanana ndi ya kumtsinje wa Feather. Anapita kukafufuza, ndipo chaka chomwecho anapeza golide pamalo amene anatchedwa Bidwell Bar. Apa m'pamene wamalonda anabadwira. Ena ankayima okha m'madzi ozizira n'kumasefa mchenga. Bidwell analemba ntchito eni nthaka kuti azikumba ndi kusefa, n'kumawalipira zakudya, nsalu ndi mikanda, ndipo anatsegula sitolo yogulitsa katundu kwa okumba golide amene ankabwera ngati dzombe. Ndalama zimene anapeza anagulira malo otchedwa Rancho del Arroyo Chico, maekala opitirira 22,000 a nthaka yachonde ya m'chigwa cha Sacramento, m'magawo awiri, mu 1849 ndi mu 1851. Malowo boma la Mexico linali litawapereka kwa William Dickey mu 1844. Koma m'chigwa chimenecho munali kale midzi ya a Mechoopda, nthambi ya anthu a Maidu, amene ankakhalamo kuyambira kalekale, akupha nsomba m'mitsinje, kusaka nyama ndi kutola mbewu za mitengo ya oki zimene ankasinja n'kuphika. Pa kugulana konseko palibe amene anawafunsa.

Kumapeto kwa 1849 anthu a m'dera la Sacramento anasankha Bidwell kukhala seneta m'Nyumba ya Malamulo yoyamba ya California, imene inakumana ku San Jose mu Disembala chaka chimenecho. Anali ndi zaka 30. Miyezi yochepa imeneyi ndi imene ndikufuna tiimepo, chifukwa m'mbiri za Bidwell nthawi zambiri imangodutsidwa m'mizere iwiri, pomwe ndi nthawi imene dzanja lake linali pafupi kwambiri ndi cholembera cha lamulo.

Malamulo aakulu a California a mu 1849 analetsa ukapolo. Koma eni mafamu ndi eni migodi ankafuna antchito, ndipo azungu onse anali atathawira ku golide. Antchito otsala anali eni nthaka. Funso la Nyumbayo linali lakuti anthu amenewa awaike pati m'lamulo. Bidwell, amene ankawadziwa kuposa aphungu anzake ambiri, anakonza bilu. M'biluyo munali zinthu zabwino ndithu. Inkalola eni nthaka kukhalabe m'midzi yawo ndi kupitiriza kusaka, kuwedza ndi kutola mbewu zam'tchire. Inkakhazikitsanso oweruza apadera a milandu yawo, ndipo eni nthakawo ndi amene akanawasankha mwa voti. Senate, chigawo cha Nyumbayo chimene munali Bidwell, inaika biluyo pambali osaibwereranso. M'malo mwake munadutsa bilu ina yochokera kwa phungu Elam Brown, imene bwanamkubwa Peter Burnett anasainira pa 22 Epulo 1850. Dzina lake linkanena za kulamulira ndi kuteteza eni nthaka.

Chitetezo chake chinali chotere. Mwini nthaka wopezeka akungoyendayenda popanda ntchito ankatha kumangidwa mzungu aliyense akadandaula, ndipo pasanathe maola 24 ankaperekedwa kwa amene walonjeza ndalama zambiri kuti akamugwirire ntchito mpaka miyezi inayi. Wopezeka ndi mlandu wolipira chindapusa, mzungu ankatha kumulipirira n'kumutenga kuti akagwire ntchito yobweza ndalamazo. Mzungu ankatha kupita kwa woweruza n'kutenga mwana wa eni nthaka kuti akhale naye n'kumamugwirira ntchito, mnyamata mpaka zaka 18, mtsikana mpaka zaka 15. Ndipo mzungu sankapezeka wolakwa pa umboni wa mwini nthaka. Ganizirani mfundo yomalizayi pamodzi ndi ya ana ija. Munthu akaba mwana m'mudzi, mboni zonse ndi anthu a m'mudzimo, ndipo mawu awo khoti silinkawawerengera. Kuba ndi kugulitsa ana kunasanduka malonda kumpoto kwa California. Mu 1860 lamuloli analikhwimitsanso powonjezera zaka zimene ana ankakhala akugwirira ntchito mzungu, ndipo chigawo cha ana chimenechi chinachotsedwa mu 1863. Akatswiri a mbiri amanena kuti eni nthaka a ku California anali pafupifupi 150,000 mu 1846, ndipo pofika zaka za m'ma 1870 anatsala pafupifupi 30,000, chifukwa cha matenda, njala ndi kuphedwa. Mu 2019 bwanamkubwa Gavin Newsom anapepesa m'dzina la boma la California, ndipo ananena poyera kuti kumeneko kunali kupulula mtundu wa anthu.

Omuikira kumbuyo Bidwell amati: mwaonatu, iye anayesa, anzake ndi amene anakana. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo ndikuivomereza mpaka pamene ikufika. Seneta mmodzi sangapambane Nyumba yonse, makamaka Nyumba imene mu 1850 inaika msonkho wa madola 20 pamwezi kwa okumba golide ochokera kunja, ndiponso imene bwanamkubwa wake ananena mu 1851 kuti nkhondo yofafaniza eni nthaka idzapitirira mpaka atatha. Bilu ya Bidwell ikanadutsa, anthu ena akanapulumuka. Zimenezo n'zolemera.

Koma tiyang'ane zimene anachita biluyo itagwa. Chaka chomwecho anali ku Washington pamene nkhani yolandira California kukhala chigawo cha United States inkakambidwa, ndipo anabwerera pa sitima yotchedwa Oregon imene inafikitsa uthengawo ku San Francisco mu Okutobala 1850. Kenako anabwerera ku esiteti yake, kumene lamulo loipa lija linkamuchitira ubwino ngakhale kuti sanalilembe ndi iye. Taganizirani za munthu wa Mechoopda mu 1852. Akachoka pa esiteti ya Bidwell, ndi woyendayenda amene angamangidwe n'kugulitsidwa, ana ake angabedwe, iye mwini angawomberedwe popanda mlandu. Akakhala pa esiteti, ali ndi chakudya, ali ndi mzungu wamphamvu womulankhulira. Asankha chiyani? Bidwell sanafunike chikoti ngati cha Sutter. Zoopsa za kunja kwa mpanda ndi zimene zinkamusungira antchito. Ichi n'chimene ndikutanthauza ndikamati chifundo cha mwini malo sichingalowe m'malo mwa lamulo: chifundocho chimakoma kwambiri pamene lamulo laipa, ndipo wochitira chifundoyo amapindula ndi kuipako, afune asafune.

Amalawi amene makolo awo anakhala pa maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu sangavutike kuimvetsa nkhaniyi. Zikalata za malo zimene Harry Johnston anapereka kwa azungu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 zinali ndi mawu oletsa kusokoneza midzi imene inalipo kale, koma umwini unali wa mzungu, ndipo mapeto ake anthu ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo m'thangata. Mabwana ena anali ankhanza, ena ofatsa. Ofatsawo sanasinthe funso lakuti malo ndi a yani.

Pa 1 Ogasiti 1851, pa esiteti ya Bidwell pomwepo, nthumwi ya boma la America, Oliver Wozencraft, inasainirana pangano ndi atsogoleri a midzi ya a Maidu, a Mechoopda ali pomwepo. Eni nthaka anavomera kusiya dziko lawo lalikulu posinthana ndi malo osungidwa okwana masikweya mailosi pafupifupi 227, pamodzi ndi ng'ombe, zipangizo ndi aphunzitsi. Malire a malo olonjezedwawo ankadutsa m'mphepete mwa esiteti ya Bidwell ndi ya anzake oyandikana nawo, kutanthauza kuti chigwa chachonde chinatsala kwa azungu ndipo eni nthaka analozeredwa chakumapiri. Ngakhale zochepazo sanazilandire. Panganoli linali limodzi mwa mapangano 18 amene anasainidwa ku California, ndipo andale a ku California anawatsutsa kwambiri. Mu Julaye 1852 Senate ya ku Washington inawakana onse mwachinsinsi, ndipo mapepalawo anabisidwa mpaka mu 1905. Anthu amene anasainira sanauzidwe n'komwe kuti lonjezo lafa.

M'zaka zomwezo Bidwell anali pa nkhondo yake ya mapepala. Lamulo la mu 1851 linkafuna kuti aliyense amene ali ndi malo ochokera ku boma la Mexico akatsimikizire umwini wake pamaso pa bungwe la boma. Ambiri anasauka ndi milandu imeneyi. Bidwell analimbikira, ndipo mu 1860 analandira chikalata chotsimikiza kuti Rancho del Arroyo Chico ndi yake. Chaka chomwecho anajambula mapu a tauni ya Chico. Akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo Bidwell sanapume mpaka wake atafika pamphuno. Wa a Mechoopda anatsala pachala.

Mu 1863 m'pamene kusiyana kwa otetezedwa ndi osatetezedwa kunaonekera poyera. Ana ena a azungu ataphedwa pa kubwezerana kwa pakati pa osamukira kumeneko ndi eni nthaka a kumapiri, azungu a m'boma la Butte anasonkhana n'kulamula kuti eni nthaka onse achotsedwe m'deralo. Anthu anasonkhanitsidwa ku msasa wa asilikali wa pafupi ndi Chico, wotchedwa Camp Bidwell. Pa 4 Seputembala 1863, anthu 461 ananyamutsidwa wapansi moperekezedwa ndi asilikali a pa akavalo otsogoleredwa ndi Kaputeni Augustus Starr, ulendo wa mamailosi pafupifupi 100 wodutsa m'mapiri kupita ku Round Valley. Ambiri anali akudwala kale malungo. Patapita milungu iwiri, amene anafika anali 277. Ena anasiyidwa m'njira akudwala, ena anafa, ena anathawa. Chaka chimenecho Bidwell anali mkulu wa asilikali a boma la California m'deralo. Antchito a pa esiteti yake anawateteza, ndipo oyandikana naye anamuda chifukwa cha zimenezo. Miyoyo inapulumuka, ndipo zidzukulu za anthu amenewo zilipo lero. Sindikuchepetsa zimenezi ngakhale pang'ono. Koma mzere wolekanitsa wopita ndi wotsala unali wa ntchito: amene manja ake ankafunika m'munda wa tirigu anatsala, amene sankafunika anayenda.

Wina anganene kuti ndikuweruza munthu wa m'zaka za m'ma 1800 ndi maganizo a masiku ano. Ayi. Ndikumuweruza ndi zimene iye mwini anasonyeza kuti angathe kuchita. Bidwell sanali munthu woopa kutaya ndalama chifukwa cha chikhulupiriro. Atatsimikiza mumtima kuti mowa ukuwononga anthu, anazula mphesa zake zopangira vinyo n'kubzala zodya ndi zoumitsa. Mu 1877, pamene chidani chodana ndi Matchaina chinabuka ku Chico ndipo antchito anayi achitchaina anaphedwa pa famu ina yapafupi, iye anaopsezedwa ndipo nyumba zina za pa esiteti yake zinatenthedwa chifukwa cholemba ntchito Matchaina. Anaima pa chisankho cha bwanamkubwa mu 1875 akutsutsa makampani aakulu opondereza alimi, podziwa mphamvu za kampani ya njanji. Mu 1892 anaima pa upulezidenti wa America m'dzina la chipani choletsa mowa, akudziwa kuti sapambana, ndipo anapeza mavoti opitirira 260,000, ochuluka kuposa amene wina aliyense wa chipanicho anapezapo. Pamodzi ndi mkazi wake ankachirikiza zoti amayi azivota, zaka zambiri lamulo lisanalole. Munthu ameneyu ankatha kusambira motsutsana ndi madzi pa nkhani zimene zinamugwira mtima.

Sanalinso waumbombo ndi malo. Anapereka mapuloti kwa matchalitchi ndi sukulu za m'tauni yake. Mu 1887 anapereka maekala 8 a munda wake wa matcheri kuti pamangidwe sukulu yophunzitsa aphunzitsi, imene lero ndi yunivesite ya boma ya ku Chico. Iye atamwalira, mkazi wake anapereka ku mzindawo maekala pafupifupi 1,900 mu 1905, amene ndi chiyambi cha Bidwell Park. Mphatso zonsezi zinali zolembedwa, zosainidwa, zosabwezeka. Banjali linkadziwa njira yopita kwa loya. Ndiye n'chifukwa chiyani maekala ochepa a mudzi wa a Mechoopda sanayende njira yomweyo Bidwell ali moyo?

Yankho limene ndikuliona lili m'mmene ankawaonera. Mu 1868 Bidwell anakwatira Annie Ellicott Kennedy wa ku Washington, amene anakumana naye pamene anali phungu wa ku Congress kuyambira 1865 mpaka 1867. Pa ukwatiwo panali Pulezidenti Andrew Johnson ndi Ulysses Grant. Annie anali Mpresbateria wodzipereka, ndipo anawakonda a Mechoopda moona mtima. Anatsegula sukulu, anaphunzitsa amayi kusoka, anamangitsa tchalitchi, ankayendera odwala ndi kuika maliro. Koma chikondicho chinali cha kholo kwa ana amene sadzakula. Okhala m'mudziwo ankayenera kutsatira malamulo a banjalo pa nkhani ya mowa, mapemphero ndi makhalidwe, ndipo magule ndi miyambo yawo zinkaonedwa ngati zoyenera kusiyidwa. Mwana sumupatsa chikalata cha malo, umamusungira. Ndipo munthu amene ali ndi chikalata chake angathe kukana kupita kumunda wa bwana, angathe kukana kupita kutchalitchi, angathe kuvina gule wake. Sindikunena kuti Bidwell anakhala pansi n'kuwerengera zimenezi mwachinyengo. Ndikunena kuti mwini esiteti amene tirigu wake anapata mendulo ya golide ku Paris mu 1878, amene anali ndi chigayo, minda ya zipatso ndi antchito mazanamazana, zinali zosavuta kwa iye kukhulupirira kuti zimene zikukomera esiteti zikukomeranso anthu ake. Wamalonda akalowa m'Nyumba ya Malamulo sasiya sitolo yake pakhomo. Amalowa nayo m'mutu, ndipo ngakhale akhale woongoka bwanji, amaona anthu monga mmene amawaonera pa tsiku lolipira.

M'bilu yake ya 1850 munali nzeru imene iye mwini sanaitsatire. Oweruza osankhidwa ndi eni nthaka, ufulu wokhala m'midzi yawo wolembedwa m'lamulo: zimenezi zinali kuvomereza kuti anthuwa ayenera kukhala ndi mphamvu yosadalira mtima wa mzungu. Nyumba itakana, panalibe chomuletsa kuchita pa malo ake zimene analephera kuchita m'dziko lonse. Panali zaka 50 pakati pa bilu ija ndi imfa yake pa 4 Epulo 1900. Pa zaka zonsezo voti ya munthu wina aliyense sinkafunika. Pankafunika siginecha imodzi.

Zotsatira zake zinabwera monga mmene aliyense wodziwa za malo akanalosera. Annie anayesa kukonza zinthu, koma malo a mudziwo anawaika m'manja mwa bungwe la mishoni la mpingo wake kuti liziwasungira anthuwo, m'malo mowapereka kwa eni akewo. Anamwalira mu 1918, ndipo chitetezo chimene chinkadalira moyo wa anthu awiri chinathera pomwepo. Nkhani ya malowo inazunguzika kwa zaka zambiri mpaka boma la America linawatenga mu 1939 n'kuwasandutsa malo osungidwa a fukolo. Mu 1967, potsatira ndondomeko ya nthawiyo yothetsa maubale a boma ndi mafuko ang'onoang'ono a ku California, boma linasiya kuwazindikira a Mechoopda ngati fuko, ndipo gawo lalikulu la mudziwo linathera m'manja mwa koleji ija imene inayambira pa munda wa matcheri. Anadzazindikiridwanso mu 1992 atapita kukhoti, koma anali fuko lopanda malo.

Pamene a Mechoopda anadzagula maekala opitirira 600 kummwera kwa Chico n'kupempha boma kuti liwalembe ngati malo a fuko, akuluakulu a boma la Butte anakasuma kukhoti. Imodzi mwa mfundo zawo inali yakuti a Mechoopda a lero si fuko lenileni lakale la m'deralo, koma mbadwa za antchito osakanikirana a mitundu yosiyanasiyana amene anasonkhana pa esiteti ya Bidwell. Malo amene anawapulumutsa mu 1863 anagwiritsidwa ntchito ngati umboni wowakanira. Mlanduwo unatenga zaka pafupifupi khumi, ndipo khoti la apilo la ku Washington linagamula mokomera fukolo mu 2018.